Ntchito imene inandipeza ndisanaifune

 A Mlembi anandipempha kuti ndifotokoze za ntchito yanga m'boma, popeza ena mukamva zoti data engineer mumayesa ndimakonza mawailesi.

Pamene tinkaphunzira pano pa Mphunzi, dzina la ntchitoyi sitinkalidziwa n'komwe. Ine mtima unali pa uphunzitsi. Ku Chancellor College ndinachita geography ndi masamu pang'ono, ndipo nditamaliza ndinabwera kudzakhala pakhomo kudikira kalata yondiitana. Imene inafika inali ya ganyu wa kalembera wa anthu wa 2008, wa ofesi ya National Statistical Office ku Zomba. Ndinapita chifukwa cha ndalama ya sopo basi. Mapepala ochokera m'maboma onse ankawerengedwa ndi makina, ife n'kumakonza pamene makinawo sanaone bwino. Pamapeto pake dziko linamva kuti tilipo anthu oposa 13 miliyoni. Ganyu uja atatha ndinalembedwa ntchito yokhazikika, choko sindinachigwirenso.

Tsono ntchitoyo ndi yotani? Taganizani madzi a kasupe wa m'phiri. Kuti afike pa mpopi wa m'mudzi ali oyera pafunika munthu woyala mapaipi, wosefa, wotseka modontha. Ine ndine munthu ameneyo, kungoti m'mapaipi anga mumayenda manambala: ochokera m'kaundula wa chipatala, wa sukulu, wa alangizi, kupita pa tebulo la akuluakulu ku Capital Hill.

Chovuta kwenikweni si kompyuta ayi. Mudzi umodzi mlangizi aulemba ndi dzina la mfumu, wa zaumoyo ndi dzina la mtsinje, wina alemba dzina lomwelo koma wasiya h. Makina amati imeneyi ndi midzi itatu, kapena amautaya umodzi osanena. Mudzi wotayika papepala umatayikanso tsiku logawa masikito ndi katemera, ndipo amayi a kumeneko sadzadziwa chifukwa chake. Kudziwa kwanga maina a kuno kwathu kwandithandiza kuposa digiri, aphunzitsi mundikhululukire.

Pa kalembera wa 2018 owerenga anayenda ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, koyamba m'dziko muno. Ife tinkalandira zolembedwazo pa intaneti ntchito ili m'kati, kotero pokayikitsa tinkamuuza wowerengayo abwerere asanachoke m'deralo. Anthu anapezeka 17,563,749, ndipo mwa iwo 830,512 ndi a boma lathu lino la Dedza. Agogo anu ndi anga ali momwemo.

Zonsezi ndinaziphunzira ndili kale pantchito, zina madzulo anzanga ataweruka. Kompyuta ndinayamba kuikhudza ndili ndi ndevu, ndipo sindifuna kuti ana a pano adikire choncho. Pempho langa kwa bungwe lathu ndi lakuti chopereka cha chaka chino tigulire makompyuta awiri, ngakhale akaunjika, ndi sola yake. Ine ndidzabwera pa tchuthi chachikulu sabata ziwiri kudzaphunzitsa ana kulemba kaundula pa Excel, kuyambira ndi maina a midzi yawo yomwe. Mayi Msungichuma akhala pakhomo apo ndi kabuku kawo tikamatuluka.