MPWEYA WOSAONEKA M'THUMBA LA CIMANGA

Madzulo ano tikambe za mankhwala osungira cimanga.

Nyengo ya kukolola ikafika, cimanga ca ku Chongwe, dziko la Asoli, cimalowa mu Lusaka pa mseu wa Great East Road, ndipo ambiri a inu mumagulako matumba a cakudya ca banja. Tsono anankafumbwe akayamba kufumbwa, mnansi amati, "Gulani mapiritsi, muponye m'thumba."

Mapiritsi amenewo ndiwo aluminium phosphide. Piritsi limodzi la magalamu 3 likakomana ndi cinyezi limatulutsa galamu 1 ya mpweya wochedwa phosphine. Nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yoola, koma mphuno siyenera kukhulupirika, pakuti munthu ali m'tulo sanunkhiza kanthu. Inu a pansi pa mgodi mudziwa kuti mpweya woipa suoneka ndi maso. Uwu nawo utero. Thumba la masiku onse siliusunga: umaturuka, nudzaza cipinda cimene ana agonamo. Zizindikiro zace ndizo mutu, kusanza ndi cifuwa cothina, ndipo mankhwala oletsa ululu wace palibe.

Cifukwa cace Boma linaika lamulo. Mwa Environmental Management Act ya 2011, wogulitsa mankhwala otere ndi wogwira nchito yofukiza ayenera kukhala ndi cilolezo ca bungwe la ZEMA. Wophunzitsidwa amafunditsa matumba ndi tenti yosatulutsa mpweya, kutali ndi nyumba zogona, nadikira masiku osacepera 5, ndipo pambuyo pace amatsegula kuti mphepo ipite.

Tsono, abale, gwirani mau awa. Musagule mapiritsi omangidwa m'kapepala pamsika. Musawaike m'nyumba yogonamo anthu. Musawathire madzi, pakuti angayake moto. Pogula cimanga, funsani ngati anacifukiza, ndi tsiku lace. Wina akadwala pafupi ndi matumba, muturutsireni kunja msanga, nimuthamange naye kucipatala pamodzi ndi citini ca mankhwalawo.

Njira ina iripo. Matumba a PICS, okhala ndi mapulasitiki 2 m'kati, akamangidwa bwino amapha nankafumbwe pomumana mpweya, popanda mankhwala. Umitsani cimanga bwino musanathiremo. Thumba lotere lingagone pafupi ndi mwana wanu.

Gonani bwino.