Kodi tiwalipire ana kuti awerenge? Mawu omwe adalankhulidwa pa msonkhano wathu wapachaka



Komiti yabweretsa ganizo loti tizipereka ndalama kwa mwana aliyense amene wamaliza kuwerenga buku la m'laibulale yomwe tidakonza ija. Cholinga chake n'chabwino, koma ine ndili ndi mantha, ndipo ndiloleni ndifotokoze komwe manthawo achokera.

Mu 1973, akatswiri atatu a za maganizo a munthu, a Mark Lepper, a David Greene ndi a Richard Nisbett, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pa sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford ku America. Adasankha ana omwe ankakonda kale kujambula zithunzi popanda wowatuma, n'kuwagawa patatu. Gulu loyamba adalilonjeza kuti likajambula lilandira satifiketi yokhala ndi riboni. Lachiwiri silidauzidwe kanthu, koma litamaliza lidangodzidzimuka likulandira satifiketi yomweyo. Lachitatu lidangojambula basi. Patapita sabata imodzi kapena ziwiri, adaikanso zojambulira zija m'kalasi, iwo n'kumaonera chapatali mobisala. Ana olonjezedwa mphotho aja tsopano ankajambula pafupifupi theka chabe la nthawi imene anzawo ankajambula. A magulu awiri enawo chidwi chawo sichidatsike. Kwa mwana wolonjezedwa uja kujambula kudasanduka ganyu, ndipo ganyu wopanda malipiro palibe amene amagwira.

Zimenezi ndadzionera ndekha m'boma, momwe ndagwira ntchito zaka zoposa 15. Chaka china ku ofesi kwathu adakonza maphunziro abwino ndithu, koma adanenetsa kuti sipakhala alawansi. Mipando yambiri idali yopanda anthu. Ndisaname, nanenso nditalandira kalata yoitana, funso langa loyamba lidali lakuti, "Pali kangachepe?" Ine yemweyo amene ndili Fomu 3 ndinkawerengera tochi m'bulangete magetsi atazimitsidwa.

Sikuti ndalama zilibe ntchito. A Frederick Herzberg mu 1959 adafalitsa zomwe adapeza atafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a m'dera la Pittsburgh za nthawi imene ntchito idawakomera kwambiri ndi imene idawawawa kwambiri. Pa zowawa ankatchula malamulo a kampani, mabwana ndi malo ogwirira ntchito. Pa zokoma ankatchula kukwanitsa chinthu chovuta, kuyamikiridwa ndi kupatsidwa udindo. Iwo adatsimikiza kuti malipiro abwino amathetsa madandaulo, koma khama limachokera kwina. Ena adawatsutsa, nati munthu amakonda kudzitama pa zabwino n'kuloza ena chala pa zoipa. Kutsutsako ndikukumva, komabe ndikayang'ana mu ofesi mwathu ndimaona kuti sadaphonye kwenikweni.

Ndikudziwa kuti ena mumtima mukuti, "Akulankhula chonchi poti ngokhuta." Muli ndi mboni yanu, a Abraham Maslow, amene mu 1943 adalemba kuti munthu amayamba wafuna chakudya ndi chitetezo, kenaka chikondi ndi ulemu, ndipo pomaliza kukwaniritsa luso lake. N'zoona kuti mwana wopanda sopo, wopanda yunifolomu, maganizo ake sakhala pa buku. Ameneyo timuthandize, koma tisamuuze kuti sopo abwera akamaliza tsamba lomaliza. Komanso tisaiwale kuti ife tinkalimbirana mabuku a nthano titadya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa. Njala siidadikire kutha kuti chidwi chiyambe.

Tsono pempho langa ku komiti ndi ili. Ndalamazo tizigawe pawiri. Gawo lina lipite kwa ana osowa, mosayang'ana kuti awerenga mabuku angati. Gawo lina tigulire mabuku amene anawo asankha okha, ngakhale ena mwa iwo atioonekere achibwana, pakuti a Edward Deci ndi a Richard Ryan adaonetsa kuti munthu amalimbikira pa chinthu chimene wadzisankhira. Ngati tifuna kupereka mphatso, ibwere mosayembekezereka monga idabwerera kwa gulu lachiwiri lija. Ndipo teremu iliyonse mmodzi wa ife azibwera Loweruka kudzacheza ndi anawo za zomwe awerenga, popanda alawansi. Ine ndalembetsa kale teremu yoyamba, ndipo pepala lili ndi a Mlembi.