Nzeru za m'nkhalango sizikwiriridwa pansi



Mbiri yathu imati makolo a Achewa adachokera ku Uluba, m'dziko la Congo. Ndiloleni ndikutengereni kumpoto chakum'mawa kwa dziko lomwelo, m'nkhalango yowirira ya Ituri, kwawo kwa Ambuti. Anthu amenewa nkhalango ndiyo munda wawo, ndiyonso chipatala chawo. Ukonde wosakira nyama amaluka ndi luzi la m'tchire, ululu wa mivi amatenga ku zomera, ndipo nsalu amasula kuchokera ku makungwa, monga momwe agogo athu ankasulira chiwondo cha mombo.

M'chaka cha 1992 boma lidapatula gawo la nkhalangoyi kuti litetezere okapi, nyama yachibale ndi kadyansonga. Likulu lake lidali pa Epulu, ndipo akatswiri a zomera ankadalira Ambuti powalozera mitengo. Nkhondo ya Congo itafika kumeneko, ogwira ntchito ambiri adathawa, koma katswiri wina, Corneille Ewango, adatsala. Iye adabisa zitsanzo zouma za zomera pamodzi ndi zolemba za kafukufuku, ndipo mwiniwake adakhala miyezi itatu akubisala m'nkhalango. Zolembazo zidapulumuka, ndipo mu 2005 adalandira mphotho ya Goldman.

Koma Ambuti akadabisa kuti nzeru zawo? Izo sizili papepala. Zili m'mutu mwa nkhalamba, ndipo zimafika kwa mdzukulu pamene awiriwo akuyenda limodzi, wamkulu n'kuthyola tsamba, wamng'ono n'kulinunkhiza. Mu 2002 ndi 2003 zigawenga zidapha Ambuti ambiri, ena n'kubalalika. Nkhalamba ikaphedwa, mtengo umatsala chiimire, koma dzina lake ndi ntchito yake zimapita kumanda.

Ife kuno tili pa mtendere, komabe tikutaya chuma chomwecho popanda kulira kwa mfuti. Tsiku lina ndidalowa m'kalasi ya Fomu 3 nditanyamula masamba a muwawani, naphini ndi mpungabwi. Ana anzeru, okhoza bwino mayeso, adangoyang'anizana. Mlandu si wawo ayi. Ndi wathu, ife amene tidaleka kuyenda nawo kutchire, ndiponso tikuonerera mitengoyo ikusanduka makala.

Pempho langa nali. Agogo amene muli pano, mvula isanagwe, tengani mdzukulu mmodzi mukamuonetse mitengo isanu: dzina lake, ntchito yake, ndi kuopsa kwake akaigwiritsa ntchito molakwika. Achinyamata, nyamulani kope mulembe, koma musathamange, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambuti adalandidwa mwayi umenewu ndi nkhondo. Ife tikautaya, tidzaloza yani chala?