Ana a sukulu ino ndi mitengo ya m'matope a ku Beira

Mau amene adanenedwa pa tsiku la ophunzira akale a pa mishoni



Akuluakulu okonza chikondwerero chino adandipempha kuti ndinene mau m'dzina la ife amene tidaphunzira pa sukulu ya pa mishoni pano m'zaka zimene dziko lathu linkalandira ufulu. Za ansembe oyamba, za njerwa za tchalitchi ndi za mabuku a ubatizo anena kale ena odziwa kuposa ine. Gawo langa nlakuti ndikuuzeni kumene ana a sukulu ino adamwazikira, m'mene tidapezeranso wina ndi mnzake, ndi ntchito imene tidagwira titapezana. Ndamva ena afunsa m'midzimu kuti, kodi anthu a kumapiri adakatani ku nyanja ya mchere, osapereka ndalama za ulendozo ku denga la sukulu limene lidontha? Funso limeneli nloyenera, ndipo sindilizemba.

Ife tidalowa sukulu chaka cha 1974, zonse m'Chipwitikizi, kuyambira kupempha madzi akumwa mpaka kuwerengera. Pa 24 Julayi 1975 boma lidatenga sukulu zonse za mishoni, koma ife ana tidapitiriza kunena kuti tipita ku mishoni, popeza zipupa ndi mabenchi zidali zomwezo. Akulu athu amene adatitsogolera adaloweza pamtima mitsinje ya ku Portugal, Minho, Douro, Tejo ndi Guadiana, mitsinje imene sadamweko madzi ake. Ife mapu athu adali a Mozambique, ndipo tidaphunzira kuti gombe la dziko lathu liyambira ku mathiriro a Rovuma kukalekezera ku Ponta do Ouro, mtunda wa makilomita pafupifupi 2,700. Tinkayankha bwino ndithu, koma m'kalasi monsemo mudalibe ndi mmodzi yemwe amene adaonapo nyanjayo ndi maso. Liu lakuti oceano tinkalitchula monga dzina la chilombo cha m'nthano.

Tsono kudadza nkhondo. Inu akulu mukumbuka chaka cha 1985, chimene ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, adaphedwa ku Chapotera, ndi zaka zotsatira pamene midzi yathunthu ya ku Angónia idaolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kalasi lathu lidali litayamba kale kubalalika. Mmodzi adatumizidwa kukaphunzira ku Cuba, wina adakagwira ntchito m'mafakitale a ku Jeremani wa kuvuma, awiri adalowa usilikali, ambiri tidakakhala othawa nkhondo ku Malawi, ndipo angapo adatsikira ku Beira, wina ku njanji, wina ku doko, wina ku unamwino. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okotobala 1992, aliyense adatanganidwa ndi kumanganso nyumba yake ndi kulera ana. Sitidadane ai, tidangosiya kufunsana.

Chimene chidatidzutsa ndi namondwe wa Idai. Mukumbuka kuti kumayambiriro kwa Malichi 2019 mvula idagwa kuno ndi ku Malawi masiku otsatizana, ndipo mtsinje wathu wa Revúbuè udasefukira m'nyumba za anthu ku Tete. Chimvula chimenecho chidalowera ku nyanja, chidakatenga mphamvu kumeneko, nkubwerera, ndipo usiku wa pa 14 Malichi chidagwera mzinda wa Beira. Anthu oposa 600 adafa m'dziko lathu lokha. Kwa masiku angapo mafoni a ku Beira adali zii, mseu nawo udaduka. Apa mpamene ife otsala kuno tidayamba kufunsana kuti, kodi uje ali moyo? Nanga uje uja wokhala ku Munhava? Tidapezeka kuti sitidziwa ndi nambala zao zomwe. Mwana wa mnzathu wina adatitsegulira gulu pa WhatsApp, ndipo mmodzimmodzi adayamba kutulukira, ena atasowa zaka 30. Amayi aja a unamwino adatiyankha pa sabata yachiwiri. Denga lao lidapita lonse, iwo ndi adzukulu adagona usikuwo pansi pa tebulo.

Padapita zaka tisanathe kuonana maso ndi maso, pakuti kudadzanso mliri wa Covid-19, ndiponso ulendo wake si wamasewera. Kuchokera ku Ulónguè, kudzera ku Moatize, Tete, Changara, Catandica, Chimoio ndi Inchope, mpaka ku Beira, ndi makilomita oposa 800. Za kukomana kwathu sindinena zambiri. Akulu adati mapiri ndiwo sakomana. Tidapenyana imvi, tidasekana mimba ndi madazi, tidaitanana maina a chipongwe a ku sukulu amene sindingawatchule pamaso pa adzukulu athu. Kenaka mnzathu amene adali mkulu wa kalasi adatulutsa pepala, naitana maina onse monga ankachitira aphunzitsi m'mawa, ndipo pa dzina la aliyense amene adatisiya tidakhala chete.

Madzulo a tsiku lomwelo mnzathu wa ku doko adati, "Achimwene, mwayenda mtunda wonsewu kuti tingodya ndi kukumbutsana zakale? Mawa mudzuke mbandakucha, muvale zovala zimene simuzikonda." Adatitengera ku Nhangau, kumpoto kwa mzinda, kumene anthu a m'midzi ya kugombe akhala akubzalanso nkhalango ya m'matope kwa zaka zambiri, ndipo iye awathandiza mosalipidwa masiku amene sali ku ntchito.

Pano mundilole ndichedwepo, chifukwa nkhalango imeneyi kuno kulibe ndipo m'chinenero chathu ilibe dzina. Pa Chipwitikizi ati mangal. Imera m'matope a m'mathiriro a mitsinje, pamene madzi a mtsinje asanganikira ndi madzi a mchere. Nyanja ya kumeneko sikhala malo amodzi monga nyanja ya Niassa. Ikwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo ku Beira, mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa madzi okwera ndi ophwa kupitirira mamita 6. Malo amene uyenda pansi m'mawa, masana papita bwato. Mtengo wamba ungafe m'sabata imodzi pa malo otere, chifukwa cha mchere ndi chifukwa chakuti m'matopemo mulibe mpweya. Koma mitengo iyi ili ndi nzeru zake. Umene ophunzira autcha Avicennia utulutsa timizu tambirimbiri toloza kumwamba, tonga mapensulo ozika pansi, ndipo upumira m'menemo madzi akaphwa. Mchere uutulutsira m'masamba, kotero kuti ukanyambita tsamba umva mchere pa lilime. Wina, Rhizophora, uima pa mizu yokhotakhota yochokera m'thunthu, ngati nkhalamba yogwira ndodo zambiri. Mbeu yake ndiyo idatidabwitsa ife alimi. Imera ikali pa mtengo, nitalika ngati chitheba chachikulu chosongoka kunsi, ndipo ikakhwima igwa nkudzibaya yokha m'matope, kapena iyandama mpaka madzi akaitule pena.

Ntchito yathu idali kutola mbeu zimenezi ndi kuzizika, gawo limodzi mwa magawo atatu pansi, motalikirana ngati phazi lalikulu limodzi. Kunena nkosavuta. Matope ake afika m'maondo, nsapato atenga osabweza, udzudzu ndi dzuwa zili pomwepo, ndipo wotchi yako ndi nyanja: madzi akayamba kubwerera, ntchito yatha, ufune usafune. Amene ankatilangiza adali amayi a m'mudzimo amene sadapite patali ndi sukulu, ndipo ife a quarta classe yakale, aphunzitsi ndi akalaliki, tidamvera ngati ana. Adatiletsa kubzala pa malo ena amene ife tidaona ngati abwino, nati pamenepo madzi akhalitsa, mbeu idzamira, pena nati mpouma, mchere udzaiotcha. Mtundu uliwonse uli ndi mzere wake pakati pa mtunda ndi nyanja, ndipo wobzala mosadziwa angotaya mphamvu. Nkhanu nazo zidula mbande zina. Adatiuzanso kuti pamene madzi ayenda bwino ndipo mitengo ikuluikulu ikalipo pafupi, nkhalango ibwerera yokha, chofunika nkungoleka kuidula.

Nanga aivutikira chifukwa ninji? Mizu imeneyi igwira dothi kuti gombe lisadyeke, ndipo mafunde akalowa m'nkhalangomo afika kumtunda atafooka. Pakati pa mizuyo mpamene tinsomba tating'ono, nkhanu ndi camarão zikulira zisanalowe m'nyanja yaikulu, motero msodzi wa kutali ndi gombe adya za m'matope omwewo. Mzinda wa Beira uli pansi kwambiri, mbali zina zili m'munsi mwa madzi a nyanja akakwera, ndipo ku Praia Nova tidaona ndi maso nyumba zimene nyanja idadya. M'kati mwa mzinda adakonzanso kamtsinje ka Chiveve, kamene kadali katatsekeka ndi zinyalala, nabwezeramo mangal, ndipo paki yake idatsegulidwa chaka cha 2020. Koma ndisakunamizeni kuti mitengo ingaletse namondwe. Madenga a ku Beira adasasuka ndi mphepo, ndipo anthu a ku Búzi adakwera m'mitengo ndi pa madenga chifukwa cha madzi a mitsinje ochokera kumtunda. Mangal achepetsa tsoka la kugombe, salichotsa.

Ndisanenenso zoipa za amene adula mitengoyi. Mitengo yake njolimba, chiswe sichiigwira msanga, njabwino kumangira nyumba ndi kuotcha makala, ndipo mzinda waukulu ufuna makala tsiku ndi tsiku. Munthu amene ana ake agona ndi njala sungamuuze za mafunde a chaka chamawa. Ife a kuno, amene tidatsiriza mitengo ya m'mapiri athu ndi nkhwangwa zathu zomwe, tilibe pakamwa pomudzudzulira. Dziko lathu lili ndi mangal ochuluka mahekitala pafupifupi 300,000, ndipo m'Afrika muno maiko oposa ife pa chuma chimenechi ngowerengeka. Boma lidakhazikitsa ndondomeko yosamalira mangal chaka cha 2020, koma pepala silizika mbeu. Oizika ndi amayi aja, amene adatsala m'matope ife titakwera basi.

Tsono ndibwere ku funso lija. Poyamba, ulendowo aliyense adadzilipirira yekha, ndipo mwa alendo amene akhala kutsogolo kuno lero, ena sadaponde pa mishoni pano chiyambire nkhondo. Chidawabweretsa ndi masiku aja tidamira limodzi m'matope, pakuti anthu ogwirira ntchito pamodzi amasukirana msanga kuposa ongodyera pamodzi. Nkhani ya denga la sukulu aimva, denga lomwe aliona, ndipo tikambirana nao madzulo ano.

Chachiwiri ndi ichi, chimene mapu a m'kalasi aja sadatiuze. Madzi a m'madimba athu sathera kuno. Timitsinje tathu tithira mu Revúbuè, Revúbuè athira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, ndipo Zambezi akathira m'nyanja cha ku Chinde, kumene kuli nkhalango ya mangal yaikulu koposa m'dziko lathu. Kuyambira pamene adatseka Zambezi ku Kariba m'zaka za m'ma 1950 ndi ku Cahora Bassa chaka cha 1974, madzi osefukira a chaka ndi chaka safikanso ku mathiriro monga kale, ndipo akatswiri adapeza kuti kuchuluka kwa camarão m'nyanja ya ku Sofala kutsata madzi a Zambezi. Koma mtsinje wathu ulowa kunsi kwa madamu onsewo. Palibe chipupa pakati pa ife ndi nyanja. Dothi lokokoloka m'minda ya mbatata, mapepala a pulasitiki a pa msika, zonse zitsika osaimitsidwa. Ndipo tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, nkudula katope, mkuyu ndi nsungwi zimene zinkagwira magombe, madzi a mvula atsika nthawi imodzi ngati ng'ombe zotuluka m'khola. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagwetsa mlatho wa pa Revúbuè ku Tete. Sindinena kuti tidaugwetsa ndife, mvula yake idali yoopsa, koma madzi amenewo adadzera m'minda yathu.

Nchifukwa chake tidapangana ndi anzathu a kugombe kuti ntchito ikhale ya mbali ziwiri. Iwo adatilandira m'matope ao, ife tiwalandira m'mitsinje yathu. Abambo Mfumu atilola kuika nazale kuseri kwa sukulu, pafupi ndi chitsime, ndipo tayamba kale kudzaza machubu. Tifuna mbeu za katope, mbawa ndi mkuyu, ndi zitsa za nsungwi, osati bulugamu, amene m'mphepete mwa mtsinje amwa madzi ambiri. Kubzala kudzayamba mvula ikakhazikika. Mafumu amene muli pano, tidzafika kwa inu mudzi ndi mudzi kudzapempha kuti mutilozere magombe amene adyeka kwambiri, ndi kutithandiza kulankhula ndi eni madimba, popeza sitifuna kulanda munthu ndime yake.

Ofuna kudzapita nao ku Beira ulendo wotsatira alembetse kwa ine kapena kwa mlembi wa gulu lathu pa khomo la sukulu tikatuluka muno. Sitifunsa ngati mudaphunzira pano kapena ai, ndipo tikondwera koposa tikaona achinyamata, chifukwa maondo athu ayamba kudandaula. Tsiku lonyamuka tidzalidziwa anzathu akaona kalendala ya madzi a nyanja, pakuti tifuna sabata imene madzi aphwa m'mawa. Mudzatenge chipewa, masikito, ndi nsapato zomanga ndi zingwe.