Kalata yopempha ndalama zako siyamba ndi "pepani"

Zikomo kuti mwabwera ngakhale dzuwa likuswa mtengo chonchi. Amene mwaima kumbuyoko, mipando ilipo kutsogolo kuno, sitiluma.

Tapemphedwa kuti tifotokoze zomwe tinaona pa temu yathayi, pamene tinkathandizira kuphunzitsa kalasi ya kalembedwe ka kuntchito pa koleji ina muno mu Lilongwe. Kosi yake ndi ija ya Business Communication, ija ambirife tili ku yunivesite tinkaijomba n'kumati tidzakhoza basi, si kulemba kalata chabe? Ophunzira ambiri anali atsikana, ena a accounting, ena a secretarial, ena a zamahotela. Angapo ankagwira ntchito masana n'kubwera m'kalasi madzulo maso ali ofiira ndi kutopa.

Tsiku loyamba sitinalembe chilichonse pa bolodi. Tinangowauza kuti: mwagwira attachment miyezi 3, anakulonjezani ndalama ya thiransipoti, mpaka pano zii. Lemberani imelo amene amaona zandalama.

Titasonkhanitsa mapepala aja tinakhala pansi n'kuwerenga, ndipo mitima inatiwawa. Chingerezi chinali chabwino ndithu, paja munthu sutenga satifiketi ya MSCE usanakhoze Chingerezi. Vuto linali kwina. Pafupifupi mtsikana aliyense anayamba ndi kupepesa. "Sorry to disturb you." "I humbly beg." Wina anapepesa katatu, kenako anafotokoza za amayi ake odwala, za lendi, za mtengo wa minibasi kuchokera ku Area 25, ndipo kalata inatha asanatchule kuti akufuna ndalama zingati. Anyamata ochepa omwe anali m'kalasimo Chingerezi chawo chinali chopunduka kuposa cha atsikana, koma mzere woyamba unali: ndikulemba kufunsa ndalama yanga ya miyezi 3. Basi.

Ndiye tiyerekeze muli pa desiki ya akawuntanti uja, maimelo adzaza, mwezi ukutha. Muyamba kuyankha iti? Ija yomwe yakuuzani dzina, miyezi yake ndi ndalama zake, kapena ija yoti muwerenge mpaka pansi kuti mudziwe chomwe munthu akufuna?

Sitikunena kuti ulemu ndi woipa, ayi. Ifenso tinaleredwa kugwada popereka madzi kwa akuluakulu, ndipo sitichita nazo manyazi. Koma m'kalata ya kuntchito ulemu uli ndi malo ake: pa malonje, pa kutchula udindo wa munthu molondola, pa zikomo wa kumapeto. Pakati pamakhala nkhani. Ndiwe ndani, chinachitika n'chiyani, tsiku liti, ukufuna chiyani, pofika liti. Ndalama yomwe unagwirira ntchito si mphatso yoti uyipemphe ngati mchere kwa aneba.

Apa tivomere kuti ifenso tinalakwitsa. Sabata yachiwiri tinabwera ndi zitsanzo za m'mabuku akunja, zija zoyamba ndi "Hi" n'kutchula bwana dzina lake loyamba. Mtsikana wina wa ku Kawale, amene amagwira ntchito pa shopu ya hadiweya, anakweza mkono nati: "Asisi, ine ndikalemba chonchi mawa ndikhala pakhomo." Kalasi yonse inaseka, koma ankanena zoona. Bwana wake ndi bambo wachikulire woti ngakhale pa foni amafuna uyambe wafunsa za kunyumba. Tinataya zitsanzo zija n'kuyamba kulemba zathu pamodzi ndi kalasi. Tinagwirizana kuti malonje akhalepo, "Dear Sir" kapena "Dear Madam" akhalepo, koma pempho lisabisale. Patapita masabata awiri anabwera kudzatiuza kuti walemba kalata yofunsa ndalama ya maola owonjezera. Sanampatse yonse. Anampatsa theka, ndipo bwanayo anamuuza kuti wayamba kuchenjera. Kaya kunali kuyamikira kaya kuopseza, ife mpaka pano timatsutsanabe.

Za CV tingodutsa mwachangu chifukwa tizichita pamodzi tikatha apa. Chotsani mudzi, mfumu yaikulu, mtundu, mpingo, komanso zoti ndinu wokwatiwa kapena ayi, pokhapokha ngati fomu yawo yafunsa. Zimenezo sizikuuza aliyense kuti mumatha ntchito, zimangopatsa munthu chifukwa chokusalirani asanakuoneni. Ndipo imelo adiresi ija munatsegula muli Fomu 2, ija ya "sweetbaby" ndi manambala, ipumitseni. Tsegulani ina ya dzina lanu.

Pomwe tinakhalitsa kwambiri ndi pa maminitsi. Mukudziwa zomwe zimachitika pa msonkhano: wapampando amayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa mtsikana wamng'ono kuposa onse. "Achemwali, mutilembereko." Kenako yemweyo akaonenso za tiyi. Ophunzira athu ambiri ankadana nazo, ndipo ali ndi chifukwa, poti wolemba sapeza mpata woyankhula. Ife maganizo athu ndi akuti ntchitoyi izizungulira, lero uyu mawa uyo, amuna omwe, ndipo muli ndi ufulu kunena zimenezo pamsonkhano. Koma ikakugwerani musaipeputse. Pakatha miyezi 6 palibe amene amakumbuka kuti ananena chiyani, chotsala ndi pepala lija. Ngati mnzanu wapereka ganizo, anthu n'kukhala chete, kenako bambo wina n'kulibwereza anthu n'kuwomba m'manja, inu lembani dzina la amene anayamba kulinena. Lembaninso amene walonjeza kuchita chinthu, ndi tsiku lake. Tinachita sewero la msonkhano m'kalasi, anthu 4 n'kulemba maminitsi a msonkhano womwewo. Atawerenga, zinali ngati misonkhano 4 yosiyana. Kuyambira tsiku limenelo palibe ananenanso kuti ulembi ndi ntchito ya ana.

Tsopano nkhani ya WhatsApp. Maofesi ambiri masiku ano akuyendera pa gulupu, ndipo mabwana ena amakonda voice note ya usiku kapena kukuitanira m'khonde n'kukuuza zapakamwa. "Uyambe wagwira, za malipiro tidzaona." "Pita ku tchuthi, palibe vuto." Mawu apakamwa amauluka. Tinaphunzitsa chiganizo chimodzi chomwe tikufuna aliyense pano apite nacho kunyumba: monga tinakambirana lero, mwandiuza kuti ndichite chakuti pofika tsiku lakuti, ngati sindinamve bwino chonde mundikonze. Tumizani pa imelo, kapena pa meseji ngati imelo palibe. Palibe mwano m'menemo. Koma tsiku lomwe adzati sindinanene zimenezo, inu muli ndi poloza.

Izi zikukhudzanso malamulo, ndipo tinadabwa kuti ambiri m'kalasi sankawadziwa. Employment Act ya chaka cha 2000 imati wolemba ntchito amene ali ndi antchito 5 kapena kuposerapo azipereka kwa wantchito chikalata chofotokoza za ntchito yake, monga malipiro, maola ndi tchuthi. Titafunsa amene ali nacho pakati pa ogwira ntchito aja, manja anali owerengeka. Lamulo lomwelo limapatsa mayi tchuthi chokachira cha masabata osachepera 8 pa zaka 3 zilizonse, akulandira malipiro ake onse. Ndiye kalata yake simulemba ngati mukupempha chifundo. Mukudziwitsa: ndiyamba tchuthi tsiku lakuti, ndibwerera tsiku lakuti, ntchito zanga ndasiya motere. Ndipo ntchito ikatha muli ndi ufulu wopempha satifiketi yosonyeza nthawi yomwe mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu. Ipempheni polemba. Mukapita ku ofesi ya zantchito kapena ku Industrial Relations Court, pepala lililonse lomwe munasunga limakuyankhulirani.

Phunziro lovuta kuposa onse linali la kalata ya dandaulo. Sitinakonzekere kuti lifika pomwe linafika. Tinapereka chitsanzo chongopeka cha bwana amene amagwiragwira wantchito, ndipo m'kalasi munangoti zii. Titaweruka, atsikana awiri anatsalira.

Zomwe tinawauza ndi zomwe tikuuzeni inu. Gender Equality Act ya 2013 imati khalidwe limeneli ndi mlandu, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo Malawi Human Rights Commission ndi yomwe inapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa. Koma polemba dandaulo, mtima umafuna kulemba kuti munthuyu ndi chilombo, alibe khalidwe, aliyense akudziwa. Zoona zingakhale zimenezo, koma kalata yotero amaikankhira pambali n'kumati ndi zokwiya. Lembani tsiku, nthawi, malo, mawu enieni omwe ananena, chomwe anachita, amene analipo, ndi chomwe inu munayankha. Chinthu chilichonse pamzere wake. Mameseji ajambuleni, musunge pamalo poti si pa kompyuta ya kuntchito. Mukapereka kalatayo, wolandira asayine pa kope yanu ndi kulemba deti. Sitinawanamize kuti kalata yabwino imateteza munthu ku chilichonse. Mmodzi mwa awiriwo anasankha kusapereka, poti ndi iye amalipirira azing'ono ake fizi, ndipo ife sitinamuweruze. Koma analemba zonse m'kope, ndi madeti ake, ndipo kopelo analisungitsa kwa azakhali ake.

Ena mufunsa kuti nanga opanda laputopu? Ambiri m'kalasi muja analibe. Ankalemba pa foni, magetsi akazima n'kumathamangitsana ndi batire, bandulo ikatha n'kudikira mawa. Zimatheka. Chachikulu, musatumize CV ngati chithunzi chojambula pa bedi, isandutseni PDF, ndipo fayiloyo muitche dzina lanu, osati "document 1". Musanatumize, werengani mokweza kamodzi, makutu amagwira zomwe maso adumpha.

Mayeso omaliza tinabwereza funso lija la tsiku loyamba. "Pepani" sanatheretu, tisanamizane, zinthu za zaka 20 sizichoka pa temu imodzi. Koma anasamuka pamzere woyamba, ndipo aliyense anatchula ndalama zake.

Tsopano tulutsani mafoni. Aliyense apeze imelo kapena meseji yomaliza yomwe anatumiza kwa bwana, kwa lekichara kapena kofunsira ntchito. Khalani awiriawiri, musinthane, ndipo mnzanuyo awerenge mzere woyamba wokha n'kukuuzani chomwe mumafuna. Akalephera, tiitaneni, tikuzungulira. A CV tiyamba nanu tikamwa madzi.