ZIMENE TINAONA KU AMRITSAR, KWAO KWA ASIKH

Mau onenedwa pa msonkhano, pamaso pa Mafumu ndi ziwalo

Munatilamula kuti tikabwera ku ulendo wa ku India tidzafotokoze zimene maso athu anaona. Wotumidwa sabisa mau, cotero taima pano.

Poyamba tikumbutsane cifukwa cace tinasankha dziko la Punjab. M'caka ca 1891 Bwana Harry Johnston anatengera kuno asilikari a ku India, ambiri a iwo Asikh, ndi mtsogoleri wao Captain Maguire. Anamenyana ndi Makanjira kum'mawa kwa nyanja, ndipo mu 1895 anali m'gulu limene linagwetsa linga la Mlozi pafupi ndi Karonga. Makolo ena anawakumbuka monga omasula akapolo; ena anakumbuka msonkho ndi nyumba zotenthedwa. Koma onsewo anangodziwa ndebvu, nduwira ndi mfuti. Kwao kwa anthuwo sanakuone.

Mudzi wao wopatulika ndiwo Amritsar, umene unayambidwa ndi Guru Ram Das, wacinai mwa aphunzitsi ao 10. Pakati pace pali thamanda lalikuru, ndipo pakati pa madziwo paima kacisi wochedwa Harmandir Sahib. Golidi wace anamkuta m'masiku a mfumu Ranjit Singh, ca m'ma 1830. Koma cimene cinatigwira mtima si golidiyo ai. Tisanalowe tinasiya nsapato, tinatsuka mapazi m'madzi oyenda pakhomo, tinapfunda kumutu, ndipo wa fodya anamsiya kunja. Pamenepo tinazizwa kuona kuti makwerero atsikira pansi. Nyumba za ulemu zimene tizidziwa zimangidwa pa citunda. Iyi anaimanga m'munsi, kuti wolowa adzicepetse angakhale asanafune. Iri ndi makomo 4, kumbali zonse, kusonyeza kuti munthu wa mtundu uli wonse alandiridwa.

M'katimo mulibe fano. Muli buku lao, limene Guru Arjan analiikamo mu 1604. Ndipo kuyambira 1708, pomwalira Guru Gobind Singh, bukulo ndilo mphunzitsi wao, salonganso munthu. Usiku alinyamula pa macila kukaligoneka, nabwera nalo kusanace. Tinakumbuka kuti kuno macila ananyamula Bwana. Kumeneko anyamula mau.

Tsopano tifike pa mlandu umene unatibvuta. Pafupi ndi kacisi pali nyumba yodyera, dzina lace langar, kumene anthu zikwi makumi ambiri adya tsiku ndi tsiku wosalipira kanthu. Cakudya cace ndi mphodza, ndiwo za masamba, mpunga ndi mikate yopyapyala ya tirigu. Nyama palibe, kuti pasakhale wina wosala. Ambiri a osenda anyezi ndi otsuka mbale ali odzipereka okha. Onse akhala pansi m'mizere, mwini cuma pambali pa wopemphetsa. Mwambowu unayamba ndi Guru Nanak, amene anabadwa mu 1469, ndipo Guru Amar Das analamula kuti wofuna kumuona ayambe wadya m'mzere. Asikh asimba kuti ngakhale Akbar, mfumu yaikuru ya dzikolo, anakhala pansi nadya cotero.

Mmodzi wa ife, mkulu wa imvi, anaima pakhomo nakana kulowa. Anati mudzi wa makolo ace unatenthedwa ndi asilikari a nduwira, ndipo sangathe kudya m'mbale ya adzukulu ao. Sitinamkakamize, pakuti cironda ca mwini acimva ndi mwini. Tinadya ife tokha, iye natidikira kunja.

M'mawa mwace tinayenda pang'ono pokha kufika ku Jallianwala Bagh, bwalo lozingidwa ndi makoma, lolowera pa kanjira kopapatiza. Pa 13 April 1919, tsiku la cikondwerero ca Baisakhi, khamu la Asikh, Ahindu ndi Asilamu linasonkhana pamenepo lopanda zida. General Dyer anadza ndi asilikari nalamula kuombera wosacenjeza. Kwa mphindi ngati 10 anaomba zipolopolo 1,650. Boma la Angerezi linawerenga akufa 379. Eni dziko anena kuti anaposa apo kutali. Tinaona mabala a zipolopolo m'njerwa, ndi citsime cimene anthu anadziponyamo pothawa. Ndipo dziwani ici, Mafumu: amene anagwira mfutizo sanali Azungu, anali ana a India ndi Nepal olembedwa nchito ya Boma, monga aja anadza kuno, monganso ana athu asilikari amene anatumidwa ku Ashanti mu 1900 kukamenya anthu osawadziwa.

Mkulu uja anaima nthawi yaitali pa khomalo wosanena kanthu. Madzulo anatipempha kuti tibwerere ku langar. Anakhala pansi, natambasula manja onse awiri monga acitira eni ace, nalandira mkate kwa mnyamata wa nduwira. Atatha kudya ananyamuka kukathandiza kutsuka mbale. Sananene kuti wakhululuka, ndipo ife sitimuikira mau m'kamwa. Anangoti, “Iwonso analira maliro ao.”

Sitinafike ku Nankana Sahib, kobadwira Guru Nanak, pakuti malire a 1947 anakusiya m'dziko la Pakistan, ndi Asikh ambiri anathawa minda yao m'caka cimeneco. Cotero iwonso adziwa kuwawa kwa malire odula pfuko pakati.

Sitinena kuti nyumba zotenthedwa ziiwalike. Mbiri isimbidwe yonse. Koma tipempha kuti pophunzitsa ana za asilikari a 1891, tiwauzenso za makwerero otsikira pansi, za mzere wa odya, ndi za khoma la 1919. Munthu woonedwa atagwira mfuti ya mwini sanaonedwe yense.

Mafunso tiyankha monga tikhoza.