Jenereta ikakana kulira: zoyenera kuona musanaitane makaniko



Ambiri mwa ife tikuweta nkhuku, ndipo ena tili ndi makina oswera mazira. Dzira la nkhuku limafuna masiku 21 pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 37.5. Magetsi akazima usiku, jenereta n'kukana kulira, mazira amazizira, ndipo akazizira nthawi yaitali anapiye amafera m'kati. Ndalama zalowa m'madzi. N'chifukwa chake lero tiphunzira kufufuza vuto patokha.

Yambani ndi oyilo. Majenereta ambiri ali ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa. Ikani jenereta pamalo osapendekeka, muone pa kamtengo koyezera, ndipo ngati wachepa onjezerani. Pa jenereta yatsopano sinthani oyilo ikagwira ntchito maola 20 oyamba, kenako pa maola 100 aliwonse. Majenereta ang'onoang'ono osakaniza oyilo wa 2T ndi petulo alibe malo a oyilo. Kwa amenewa tsatirani muyeso wolembedwa pa thanki.

Kupatula oyilo, injini imafuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto wa pa pulagi.

Choyamba, mafuta. Onani ngati kampopi ka mafuta n'kotsegula ndipo swichi ili pa ON. Petulo akakhalitsa m'thanki amawonongeka n'kusiya phula m'kabuleta. Mukamva injini ikulira mokwera n'kutsika, kawirikawiri kabuleta watsekeka. Khuthulani petulo wakaleyo, mutsegule kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti zonyansa zituluke, ndipo muthire watsopano.

Chachiwiri, mpweya. M'chilimwe fumbi limatseka sefa msanga. Utsi wakuda ukutanthauza kuti mpweya wachepa: mwina sefa yada, kapena mwaiwala kubwezera choki injini italira. Sefa ya siponji ichapeni ndi madzi a sopo, iume bwino, mudontheze oyilo pang'ono, muifinye ndi kuibwezera. Utsi wabuluu ndi wa oyilo amene akupsa. Ngati simunathire wopyola muyeso, mwina mkati mwa injini mwatha, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko.

Chachitatu, pulagi. Imasuleni ndi sipanala yake. Ngati yada ndi mwaye, ipaleni ndi bulashi ya waya. Ivekeni kachipewa kake, muigunditse pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, mutagwira pa labala, mnzanu akoke chingwe. Mukapanda kuona kamoto kabuluu, ikani pulagi ina. Muzisunga imodzi yapadera.

Nanga injini ikulira koma magetsi palibe? Zulani zonse zimene mwalumikiza, mubwezere buleka, kenako mulumikize chimodzichimodzi. Pampu ndi firiji zimakoka mphamvu yambiri poyamba kuposa zikamayenda, choncho musasenzetse jenereta katundu wopyola mphamvu yake. Zikakanikabe, musatsegule kumawaya. Itanani wodziwa zamagetsi.

Tsopano za moyo wathu. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wapoizoni wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Ndikudziwa timaopa akuba, koma musailizire m'nyumba kapena m'khola la anapiye. Ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchoka pa khomo ndi mawindo, pansi pa kadenga kopanda zipupa, yomangidwa ndi tcheni. Musathire petulo injini ikulira kapena ikadali yotentha. Musalumikize jenereta ku soketi ya m'nyumba: magetsi amabwerera m'mawaya a ESCOM ndipo angaphe munthu amene akukonza pa pholo. Wamagetsi akuikireni swichi yosinthira.

Pomaliza, muziliza jenereta kamodzi pa mwezi ngakhale magetsi alipo, ndipo muzilemba maola ake m'kope. Musanaike mazira m'makina, iyeseni kaye.

Tiyeni tsopano tigawane m'magulu. Gulu lililonse liyeze oyilo, litsuke sefa ndi kumasula pulagi. Amayi, sipanala iyambire kwa inu.